Kuunika mabaji ndi mamendulo a Keyala: momwe ntchito ikuyendera

3 Febuluwale: kulandira ndi kupereka manambala

Pathebulo pali zinthu 21, ndipo pa chilichonse tikufuna kudziwa ngati chinapangidwadi nthawi ya nkhondo n'kuperekedwa kwa msilikali, kapena ndi chongofanizira. Zinthu 9 zachokera m'kachitini ka banja lina la ku Zomba, lomwe agogo awo anali a King's African Rifles, gulu lija akuluakulu ankangoti Keyala. Zinthu 7 zinagulidwa kwa munthu wogulitsa zakalekale, ndipo 5 zinabwera ndi munthu wochokera ku Joni.

Za m'kachitini tazipatsa A1 mpaka A9: 1939-45 Star, Africa Star, Burma Star, Defence Medal, War Medal, baji imodzi ya pachipewa, timabaji tiwiri ta paphewa tolembedwa KAR, ndi kansalu ka mutu wa chipembere. Za wogulitsa ndi B1 mpaka B7: Africa General Service Medal yokhala ndi kachikwangwani (kachitsulo kopingasa pa riboni) kolembedwa Nyasaland 1915, British War Medal, Victory Medal, mabaji atatu a pachipewa, ndi kansalu kolembedwa XIV. Za ku Joni ndi C1 mpaka C5: Africa Service Medal, Africa Star ina, Burma Star ina, baji ya pachipewa, ndi kansalu kena ka chipembere.

Chilichonse chalowa mu envulopu yakeyake ndipo chajambulidwa kutsogolo, kumbuyo ndi m'mbali. Zithunzi zoyamba tinajambula panja masana, ndipo zinangotuluka mbee, zosaonetsa kanthu. Tinabwereza m'nyumba, tochi itagona pathebulo kuti kuwala kudutse chammbali. Mwanjira iyi timaenje, tizikanda ndi zilembo zofufutika zimatulutsa mthunzi n'kuoneka. Nkhani zomwe eni ake anafotokoza talemba papepala lapadera, ndipo pepalalo tiliwerenganso kumapeto kuti lisatikokere kumbali tisanayeze.

6 Febuluwale: zipangizo ndi mtengo wake

Sikelo yaing'ono yowerenga mpaka 0.01 g, K28,000. Vernier caliper yachitsulo, choyezera kukula kwa zinthu m'mamilimita, K30,000. Galasi lokulitsa ka 10, K9,000. Tochi ya UV yonga yomwe amaunikira ndalama zokayikitsa, K12,000. Maginito tinachotsa mu sipika yakufa. Ulusi wopyapyala, kapu yapulasitiki, tizotokosera m'mano, magolovesi ndi maenvulopu zinakwana K11,000. Zonse pamodzi K90,000.

Pamayeso oyamba, mano a vernier caliper anasiya kachikanda pa ndalama yomwe tinkayeserapo. Tamata selotepi mbali zonse ziwiri za mano n'kubwezera pa ziro titatseka. Amene sanagule agule yapulasitiki. Sikelo nayo inkasinthasintha manambala chifukwa cha mphepo ya pazenera komanso mabatire ofooka omwe inabwera nawo. Tasintha mabatire ndipo tikuyezera m'katoni yotsegula kutsogolo kokha.

Maginito sanakoke chilichonse mwa zitsulo 18, ndipo izi sizitsimikiza kanthu. Siliva, mkuwa ndi chitsulo choyera cha mamendulo a nkhondo yachiwiri sizikokedwa, komanso zinki ndi mtovu zomwe opanga zabodza amagwiritsa ntchito sizikokedwa. Maginito amangogwira zabodza za chitsulo wamba zopakidwa utoto.

10 Febuluwale: kodi zaka zikugwirizana?

Tisanayeze chitsulo tinayamba taona ngati chinthucho chikugwirizana ndi mbiri. Keyala inakhazikitsidwa mu 1902, ndipo batalioni yoyamba ndi yachiwiri zinali za ku Nyasaland. Mu 1964 batalioni yoyamba inasanduka Malawi Rifles. Baji ya pachipewa ndi lipenga lolendewera pa zingwe, pamwamba pali chisoti chachifumu, ndipo chisoticho ndicho chimauza zaka. Kuyambira 1902 mpaka kumwalira kwa George VI mu 1952 chisoti chinali chozungulira pamwamba ngati mphika wovundikira. Kuyambira 1953, mu ufumu wa Elizabeth II, chinakhala chotukuka m'mbali n'kubonyokera pakati.

C4 ili ndi chisoti chobonyokera pakati. Mwini wake anauzidwa kuti inavalidwa ku Burma, koma sizingatheke, chifukwa nkhondo ya ku Burma inatha mu 1945. Izi sizikutanthauza kuti ndi yabodza. Ikhoza kukhala baji yeniyeni ya pakati pa 1953 ndi 1964, ndipo kumayambiriro kwa zaka zimenezi asilikali a kuno anatumizidwanso ku Malaya. Cholakwika ndi nkhani yomwe inaperekeza baji.

Mamendulo asanu a m'kachitini akugwirizana ndi ulendo womwe asilikali ambiri a kuno anayenda. Africa Star inkaperekedwanso kwa omenya nkhondo ku Somaliland ndi Abyssinia (Ethiopia), komwe nkhondo inatha mzinda wa Gondar utagwa pa 27 Novembala 1941. Ya munthu wotere imayenera kukhala yopanda kachikwangwani, chifukwa tolembedwa 8th Army kapena 1st Army n'ta ku North Africa. A2 ilibe, ndipo n'zoyenera. Ulendo wa ku Madagascar mu 1942 sunkapatsa munthu Africa Star. Burma Star ikugwirizana ndi kansalu ka chipembere, chizindikiro cha 11th East African Division, yomwe inakhala ku Ceylon kuyambira 1943, kenako n'kudutsa chigwa cha Kabaw ku Burma mvula ili pakolo mu 1944 mpaka kufika pa mtsinje wa Chindwin ku Kalewa. Asanuwa asokedwa mu ndondomeko yake: 1939-45 Star, Africa Star, Burma Star, Defence Medal, War Medal. Mukapeza Pacific Star ndi Burma Star pachifuwa chimodzi, dziwani kuti wina anawonjezera, chifukwa munthu sankalandira zonse ziwiri. Woyenerera zonse ankapatsidwa imodzi ndi kachikwangwani ka inayo.

17 Febuluwale: nyenyezi zisanu pansi pa galasi

Nyenyezi za nkhondo yachiwiri n'za nsonga zisanu ndi imodzi, zamkuwa wachikasu wosakaniza ndi zinki. Yeniyeni imakhala 38 mm m'lifupi, 44 mm kuchokera nsonga mpaka nsonga yoyang'anana nayo, ndi 50 mm kuchokera pansi mpaka pamwamba pa kabowo kolowetsa mphete. A1, A2, A3 ndi C2 zonse zagwera pamenepa, kusiyana kwake sikunapitirire 0.2 mm. C3 yaperewera ndi 0.7 mm m'litali.

Kuperewera kotere kumabwera chifukwa cha kapangidwe. Zenizeni zinkadindidwa ndi makina amphamvu pa chitsulo chozizira. Wopanga zabodza amatenga yeniyeni, kuumba chikombole, n'kuthiramo chitsulo chosungunula, ndipo chitsulocho chikamazizira chimafota. Mwana amatuluka wochepa kuposa mayi wake nthawi zonse.

Galasi latsimikiza zomwezo. Tinaika A3 ndi C3 pafupipafupi popeza zonse ndi Burma Star. Pa A3 zilembo za THE BURMA STAR zili ndi makoma oongoka, timikanda ta pachisoti tikuwerengeka kamodzikamodzi, ndipo timadontho ta kuseri kwa zilembo za mfumu n'tofanana. Pa C3 zilembo zakhala ngati sopo wogwiritsidwa ntchito, timikanda talumikizana, ndipo m'mbali mukuoneka kamzere komwe zigawo ziwiri za chikombole zinakumanirana. Kumbuyo kwake, cha kumunsi, pali malo opalidwa ndi tupa otalika ngati 8 mm. Makampani ogulitsa zofanizira moona mtima amadinda mawu oti COPY pamalo otere, ndipo wina akafuna kunamiza anthu amayamba wafufuta mawuwo.

Kumbuyo kwa A1, A2 ndi A3 kulibe dzina, ndipo banja linali ndi nkhawa kuti mwina n'chizindikiro choipa. Si choncho. Boma la Britain linapereka mamendulo a nkhondo yachiwiri osalemba mayina. Mayiko a South Africa, India ndi Australia ndiwo ankadinda mayina pa a anthu awo. Choncho pa nyenyezi ya msilikali wa Keyala, kupanda dzina ndiye zoyembekezeka, ndipo dzina likapezekapo linalembedwa pambuyo pake ndi mwini wake kapena wogulitsa.

C2 ili ndi dzina lodinda, ndipo nambala yake ikuyamba ndi chilembo N, chimodzimodzi C1. Ku South Africa chilembo N chinali cha Native Military Corps, gulu la anthu akuda, pomwe C chinali cha Cape Corps. Africa Service Medal, ya siliva, yokhala ndi mapu a Africa mbali imodzi ndi nyama yotchedwa springbok mbali inayo, inali ya ankhondo a South Africa okha. Ziwirizi n'zenizeni ndipo n'za munthu mmodzi, koma si za Keyala.

24 Febuluwale: kuyeza m'madzi

Njira iyi imauza mtundu wa chitsulo popanda kukanda. Yezani mendulo youma, lembani. Ikani kapu ya madzi pa sikelo, bwezerani pa ziro. Mangani mendulo ndi ulusi, itsitseni mpaka imire yonse, koma isagunde pansi kapena m'mbali mwa kapu. Nambala yomwe sikelo yaonetsa ndiyo kukula kwa mendulo. Gawani kulemera kwa youma ndi nambala imeneyo. Siliva wa mamendulo amapereka pafupifupi 10.3, chitsulo choyera cha mkuwa ndi nikelo 8.9, mkuwa wachikasu pakati pa 8.4 ndi 8.8, zinki pafupifupi 7, mtovu 11.3.

B2 inalemera 33.4 g youma. Poyamba m'madzi inaonetsa 3.41, zomwe zinapereka 9.8, nambala yosagwera paliponse. Vuto linali timathovu tampweya tomwe tinakakamira pansi pa chogwirira riboni ndi m'zilembo. Tinadonthezera kadontho kamodzi ka sopo wotsukira mbale m'madzi, n'kuchotsa thovu ndi kotokosera m'mano. Kachiwiri inaonetsa 3.26, kupereka 10.2. Ndi siliva. Bwerezani katatu pa chinthu chilichonse, chifukwa pa zinthu zazing'ono chonchi kulakwa kwa 0.1 kumasintha yankho lonse.

B1 yapereka 10.3, C1 10.2, C2 8.6, B3 8.7. C3 yapereka 6.8, kutanthauza zinki wopakidwa mtundu wa mkuwa, ndipo nkhani yake yathera pomwepa.

A1 mpaka A5 sitinaziyeze m'madzi. Zasokedwa pa chitsulo chimodzi chokolekera pachifuwa ndi ulusi wakuda wapamanja, ndipo kuti tiyeze pakanafunika kusomola. Kusoka kumeneko ndi umboni pakokha wosonyeza kuti mamendulowa akhala limodzi nthawi yaitali, ndipo kukadulidwa sikubwerera. Pa C1 tinalakwitsa: tinayesa kumiza osachotsa riboni, madzi anakwera mu nsalu, ndipo mtundu wobiriwira unathamangira pa wachikasu kwa 4 mm. Tinaumitsa pakati pa mapepala oyera, koma banga latsala. Riboni yosachotseka isayandikire kapu.

3 Malichi: mayina a pamkombero, ndi nkhani ya B1

Mamendulo a nkhondo yoyamba, ija ya Chiwaya, ndi osiyana ndi a yachiwiri, chifukwa onse ankalembedwa nambala, udindo, dzina ndi gulu la msilikali. Pa British War Medal ndi Victory Medal zolembazi zili pamkombero, m'zilembo zazikulu zodinda ndi makina. Chilembo chodinda chimakhala ndi pansi posalala, kuya kwake n'kofanana, ndipo chitsulo chimatukuka pang'ono m'mbali mwake. Chozokota pamanja chimayamba mosaya, kuzama pakati, n'kuthera nsonga.

B2 ndi B3 zonse zili ndi zilembo zodinda bwino, zothera ndi K.A.R. Wogulitsa anati n'za munthu mmodzi. Manambala ake ndi osiyana, mayina ndi osiyana, ndipo mabatalioni ndi osiyananso. Zonse n'zenizeni, koma zinakwatitsidwa pa shelefu kuti mtengo ukwere. Mayinawo sitiwalemba pano. Powawerenga kumbukirani kuti alembi achizungu ankalemba momwe anamvera, nthawi zambiri dzina limodzi lokha, choncho kalembedwe kachilendo si chifukwa chokanira mendulo. Nambala ndiyo yodalirika kuposa dzina.

B1 yatenga masiku atatu. Africa General Service Medal inayamba mu 1902 ndipo sinkaperekedwa yopanda kachikwangwani. Kolembedwa Nyasaland 1915 kanaperekedwa kwa omwe anatumidwa kukathetsa kuukira kwa John Chilembwe mu Januwale ndi Febuluwale chaka chimenecho. Kwa Mmalawi, kachitsulo aka si chinthu chongosirira. Kakuimira mbali ya omwe anagwetsa tchalitchi cha ku Mbombwe, ndipo ambiri mwa iwo anali anthu akuda anzathu ovala yunifolomu. N'chifukwa chake pafunika kusamala kwambiri kuti dzina la munthu lisaikidwe pa nkhani imeneyi ngati sanalipo.

Chokayikitsa choyamba ndi mutu wa mfumu. B1 ili ndi Edward VII, yemwe anamwalira mu 1910. Amene ankalandira mendulo iyi koyamba chifukwa cha 1915 ankapatsidwa ya mutu wa George V. Njira yokha yomwe mutu wa Edward VII ungakhalire ndi Nyasaland 1915 ndi yoti munthuyo anali nayo kale mendulo, mwachitsanzo ya ku Somaliland 1902-04, ndipo anangowonjezeredwa kachikwangwani katsopano pamwamba pa kakale. Pa B1 kakaleko palibe.

Chachiwiri ndi timisomali togwira kachikwangwani. Toyambirira timakhala tofanana mbali zonse, mitu yake yosalala. Pa B1 kumanzere kuli kawaya kamkuwa kophwanyidwa ndi hamala, kumanja kuli dontho la mtovu wowotcherera, ndipo pa chogwirira pali timabowo tiwiri tokulitsidwa pomwe panali kachikwangwani kena.

Chachitatu ndi mkombero. Mendulo imayenera kukhala pafupifupi 36 mm kulikonse komwe mwayeza. Chopingasa tinapeza 36.2 mm, koma chopendekera kudzera pomwe pali dzina tinapeza 35.6 mm. Mukayang'ana kutsogolo, kamzere kotukuka kozungulira mendulo n'kokhuthala pamwamba koma kamapyapyala kumunsi. Wina anapala dzina loyamba ndi tupa, kusalaza, n'kuzokota lina. Pounika chammbali pakuoneka mthunzi wa manambala awiri akale pansi pa atsopano. Siliva ndi weniweni, mendulo ndi yeniyeni, koma dzina ndi kachikwangwani n'zoikirira. Msilikali yemwe anaivutikira wafufutidwa, ndipo iyi ndi mbali yopweteka kuposa ndalama yomwe wogula anataya.

12 Malichi: mabaji a pachipewa

Apa kutsogolo kumanamiza, choncho baji iliyonse tinayamba kuiona kumbuyo.

B4 ndi yodinda. Kumbuyo kwake kukuoneka chithunzi chonse cha kutsogolo koma cholowa m'kati, zingwe za lipenga mpaka timikanda ta chisoti. Timphete tiwiri tolowetsa kawaya n'tamkuwa wofiira, towotcherera ndi mkuwa wachikasu womwe wadetsedwa mofanana ndi baji yonse. Malo otukuka kutsogolo asalala chifukwa chopukutidwa zaka zambiri, pomwe m'makona mwatsalira fumbi loyera louma la polishi. Kutha kotere kumatsata pomwe nsalu yopukutira imafika. Baji yokalambitsidwa dala imatha paliponse mofanana, ngakhale m'maenje momwe chala sichifika. B4 tailandira, ndipo C4 ili ndi zizindikiro zomwezi.

B5 ndi yofanana ndi B4 pamaonekedwe, koma yachepa ndi 0.6 mm, kumbuyo kwake n'kwa fulati, ndipo ikupindika ndi zala. Kotokosera m'mano kanachotsa utoto wachikasu pakona n'kuonetsa chitsulo chotuwa. Timphete take tamatidwa ndi guluu, yemwe anawala pansi pa tochi ya UV. Ndi yabodza.

B6 ndi yodinda bwino, ili ndi dzina la kampani ya ku London kumbuyo, koma ilibe chizindikiro chilichonse choti inavalidwapo. Dzina la kampani silitsimikiza zaka. Makampani monga J.R. Gaunt ndi Firmin ankapangadi mabaji a asilikali, koma kuyambira m'ma 1970 mabaji ambiri a magulu a Britain anadindidwanso kuti agulitsidwe kwa osonkhanitsa, ena pa zidindo zakale zomwezo. Baji yosagwiritsidwa ntchito yochokera m'sitolo ya asilikali ndi baji yodindidwanso zimaoneka chimodzimodzi. B6 yalowa mu envulopu ya zosatsimikizika, ndipo palibe chipangizo pathebulo pano chomwe chingaitulutsemo.

A6 ndi yothira m'chikombole. Kumbuyo kwake n'kokhakhala ngati pepala la mchenga, kuli timaenje, ndipo m'mbali mukuoneka mizere ya tupa. Potsata lamulo lomwe linagwira C3 ndi B5, tinailemba kuti ndi yabodza.

19 Malichi: kubweza chigamulo pa A6

Chigamulo cha sabata yatha chinali chopupuluma. Lamulo loti chothira m'chikombole n'chabodza limagwira pa mamendulo, chifukwa onse ankadindidwa. Pa mabaji a magulu a ku Africa ndi ku India siligwira. Nthawi ya nkhondo Keyala inakula mofulumira kukhala mabatalioni ambirimbiri, katundu wochokera ku Britain ankavuta kufika, ndipo mabaji ambiri ankathiridwa m'zikombole zamchenga ndi amisiri a ku East Africa ndi ku India. Baji yokhakhala ikhoza kukhala ndiyo yomwe msilikali wamba anavaladi.

Tinaiyezanso ndi mafunso ena. M'madzi yapereka 8.5, mkuwa wachikasu weniweni, osati zinki kapena mtovu. Sikupindika. Timphete take tinathiridwa limodzi ndi baji n'kuboola pambuyo pake, ndipo m'kati mwa mabowo mwakula mopendekera mbali imodzi, momwe kawaya kankakhuzira. Kutsogolo kwasalala pa malo otukuka okha. M'kachitini munalinso kawaya kopindika komwe kakukwana ndendende m'mabowomo.

Tasintha kulemba kuti: yothira, ya mkuwa, yovalidwa nthawi yaitali, ikuoneka kuti ndi ya nthawi ya nkhondo. Sitinalembe kuti yatsimikizika, chifukwa mmisiri wa lero angathenso kuthira mkuwa mu mchenga. Chomwe chikuikira kumbuyo ndi anzake omwe inapezeka nawo m'kachitini. Ikanabwera yokha kuchokera kwa wogulitsa, ikanakhala limodzi ndi B6.

26 Malichi: nsalu

Tinazimitsa magetsi n'kuunika nsalu zitatu ndi UV. Nsalu ndi ulusi woyera wa masiku ano zimakhala ndi mankhwala owalitsa omwe anafala nkhondo itatha, ndipo zimawala mtundu wa buluu. B7, chizindikiro cha Fourteenth Army (gulu lankhondo la Britain lomwe linamenya nkhondo ku Burma), chishango chofiira chokhala ndi lamba wakuda, lupanga ndi XIV zoyera, inawala pa ulusi woyera wokhawokha. C5 inawala kumbuyo konse, komwe kuli kansalu komata ndi simbi.

A9 nayo inawala, koma mwamathothomathotho, paliponse, ngakhale pa ulusi wakuda. Titafunsa tinamva kuti inachapidwapo ndi sopo waufa. Sopo waufa ali ndi mankhwala omwewo, ndipo nsalu yakale ikangochapidwa kamodzi, tochi ya UV siingakuuzeninso zoona. Siyanitsani kawalidwe: yatsopano imawala motsata ulusi, yochapidwa imawala ngati yodonthezeredwa.

Kenako tinadula kaulusi ka 5 mm kolendewera kumbuyo kwa iliyonse n'kuyatsa ndi machesi pa sosala. Wa B7 ndi wa C5 unasungunuka n'kusiya kamkanda kolimba, ndiye kuti ndi poliyesita kapena nayiloni. Wa A9 unapsa ngati pepala n'kusiya phulusa lofewa, ndiye thonje. M'mphepete mwa A9 muli timabowo ta singano ndi tizidutswa ta ulusi wa khaki, kusonyeza kuti inasomoledwa pa malaya. Yalembedwa mofanana ndi A6.

Riboni yatsopano siipangitsa mendulo kukhala yabodza. Asilikali akale ankasintha maliboni akatha, makamaka pokonzekera mwambo wokumbukira ankhondo mu Novembala. Chofunika n'choti mitundu ikhale yake. Ya Burma Star ndi yofiira pakati, buluu wakuda m'mbali wokhala ndi mzere wa olenji. Ya Africa Star ndi ya mtundu wa mchenga, yofiira pakati, buluu wakuda mbali imodzi ndi buluu woyera mbali inayo.

2 Epulo: ngozi ya mandimu

A7 ndi A8 zinabwerera kunyumba kwa masiku awiri kuti achibale ena azione, ndipo A7 yabwera itatsukidwa ndi mandimu ndi phulusa. Anachita mwa chikondi, pofuna kuti iwale. Yasanduka yofiirira chifukwa asidi wa mandimu amadya zinki pamwamba n'kusiya mkuwa wofiira, ndipo phulusa lasiya tizikanda topingasa. Dothi lakale lomwe linali kuseri kwa zilembo, lomwe linkasonyeza zaka, lapita.

Taitsukuluza katatu ndi madzi oyera othira m'batire ya galimoto, aja opanda asidi, K3,500 botolo, n'kuiumitsa tsiku lonse. Mtundu sungabwezedwe mwachangu, udzadera wokha pakapita zaka. Zithunzi za pa 3 Febuluwale ndizo zatsala ngati umboni woti A7 inali yofanana ndi A8.

Pa B3 panali timadontho tobiriwira. Tolimba tosalala timasiyidwa. Tomwe tikuyoyoka ngati ufa ndi matenda a mkuwa, ndipo timadya chitsulo chinyezi chikachuluka. Tachotsa ufawo ndi kotokosera m'mano pansi pa galasi, kupukuta ndi thonje lonyowetsa sipiriti, ndipo B3 ikusungidwa payokha. Polishi wa zitsulo, mchenga, mankhwala otsukira mano ndi waya wotsukira mapoto zisakhudze chinthu chilichonse mwa izi.

14 Epulo: kusunga, ndi zomwe zikudikira mapepala

Pofika lero 13 zalandiridwa, 4 n'zofanizira, B1 ndi yosinthidwa, ndipo A6, A9 ndi B6 zikadali zotseguka. Pepala la nkhani za eni ake taliwerenga tsopano. Zomwe banja la ku Zomba linanena zagwirizana ndi mamendulo, kupatula zoti agogo anakafika ku Egypt, zomwe zitsulo sizikutsimikiza kapena kutsutsa.

Kachitini kachita dzimbiri m'kati, choncho sikasungiranso kanthu, koma sitikataya. Chilichonse chakulungidwa mu nsalu ya thonje yochapidwa ndi madzi okha, n'kuikidwa m'kontena yapulasitiki yolimba yotseka bwino, K7,500, pamodzi ndi timapaketi ta silica gel toyamwa chinyezi tochokera m'makatoni a nsapato. Mphira womangira tachotsa, chifukwa amadetsa siliva. Timatumba tapulasitiki tofewa tonunkha tachotsanso, chifukwa timatuluka thukuta lomwe limabiriwitsa mkuwa. Usiku woyamba m'kontena munachita nthunzi popeza tinatseka kukugwa mvula. Tinatsegula, kuyanika timapaketi padzuwa tsiku lotsatira, n'kutsekanso masana kouma.

Chotsatira ndi mapepala. Mabuku a omwe analandira mamendulo a nkhondo yoyamba ali ku National Archives ya ku Kew ku London pansi pa WO 329, makadi ake pa WO 372, ndipo a Africa General Service Medal ali pa WO 100. Manambala a B2 ndi B3 tikawafufuza kumeneko, komanso pa mndandanda wa Commonwealth War Graves Commission, bungwe losamalira manda a ankhondo, ngati mmodzi wa iwo sanabwerere. Pa B1 tili ndi manambala awiri okha ofufutika, 4 ndi china chomwe chingakhale 3 kapena 8. Tijambulanso usiku tochi itagona mbali zinayi zosiyana, mwina lachitatu lingatuluke. Pa A6 banja likufunafuna chithunzi cha agogo atavala chipewa, chomwe akuti chili kwa azakhali awo ku Balaka.